Mfuti kapena tsabola: chonyamula m'nkhalango za zimbalangondo

Funso la wowerenga: "Ndapeza mwayi wokagwira ntchito miyezi itatu ku Alaska, kuyambira mu Juni, m'gulu la anthu owerenga nsomba za salmon m'mitsinje. Tizikagona m'matenti kutali ndi msewu, ndipo andiuziratu kuti kumeneko zimbalangondo n'zosayamba. Mnzanga wina akuti ndikangofika ndigule mfuti yaifupi ya .44 Magnum, wina akuti chitini cha tsabola wopopera n'chokwanira. Ine mfuti ndinawomberapo kawiri kokha chibadwire. Ndigule chiyani kuti ndikabwereko wamoyo?"

Achimwene, m'kalata yanu yonse mawu amene ndawagwira ndi akuti mfuti munawomberapo kawiri kokha. Mwachita bwino kunena chilungamo, chifukwa mawu amenewo ayankha kale theka la funso. Gulani tsabola, zitini ziwiri, ndipo chimodzi chizikhala pachifuwa panu kuyambira podzuka mpaka pogona. Za mfuti tikambirana bwinobwino, ine sindidana nayo ayi. Koma ndisanatchule dzina la mfuti iliyonse ndikufuna muyambe mwaona kuchepa kwa nthawi imene mudzakhale nayo, poti nkhani yonse yagona pamenepo.

Chimbalangondo chikatsanula liwiro chimafika makilomita 55 pa ola. Kumeneko n'kudya mamita 15 pa sekondi imodzi yokha. M'mphepete mwa mitsinje ya salmon mumamera zitsamba za alder ndi willow, zowirira moti nthawi zambiri maso safika mamita 30, ndipo mkokomo wa madzi umameza mgugu wa mapazi anu ndi wa chilombocho womwe. Mukakumanizana nacho balamanthu pamtunda wotere, icho n'kuganiza zobwera, muli ndi masekondi awiri. M'kanthawi kameneko muzindikire chimene chikuchitika, mutaye chimene chili m'manja, musolole chida, muchotse chotsekera chake, mulozetse, muwombe. Ndiye mukamasankha chida muzidzifunsa kuti, kodi ndi chiti chimene manja angawa angachite nacho zonsezi mtima uli m'mwamba, mawondo akuwombana?

Kumene mukupitako muli mitundu iwiri imene muyenera kuidziwa. Zofiirira, zimene kumtunda amazitcha grizzly, zilipo pafupifupi 30,000 mu Alaska, chigawo cha dziko la America, ndipo zakuda zilipo pafupifupi 100,000. Zofiirira za m'mbali mwa nyanja, zodya salmon zomwe inu mukukawerengazo, ndizo zazikulu kwambiri: champhongo chokhwima chimatha kupitirira makilogalamu 500. Musadalire mtundu wa ubweya pozisiyanitsa, chifukwa "chakuda" chimatha kukhala chofiirira ndipo grizzly imatha kuda bii. Yang'anani linunda pamapewa. Chofiirira chili nalo looneka bwino, nkhope yake ndi yolowa mkati ngati mbale, makutu aafupi obulungira, zikhadabo zazitali zowongokerapo. Chakuda chilibe linunda, nkhope ndi yowongoka, makutu ataliko.

Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa zilombo ziwirizi zimavulaza anthu pa zifukwa zosiyana. Chofiirira kawirikawiri chimaukira podziteteza: mwachidzidzimutsa, kapena chili ndi ana, kapena chikulondera nyama imene chapha. Cholinga chake n'kuchotsa choopsa, ndipo chikaona kuti simukuopsanso chimachoka. Nthawi zambiri sichifika n'komwe pa munthu. Chimathamanga ngati chikubweradi, kenako n'kuima mamita ochepa patsogolo panu kapena kukhotera pambali. Chakuda ndi chamantha, chimakonda kuthawa kapena kukwera mumtengo. Koma Stephen Herrero wa pa yunivesite ya Calgary ndi anzake atafufuza imfa 63 zochitidwa ndi zimbalangondo zakuda ku Canada ndi ku America pakati pa 1900 ndi 2009, anapeza kuti pafupifupi 9 mwa zochitika 10 zilizonse chilombocho chinkasaka munthuyo ngati chakudya, ndipo zambiri zinali zamphongo zoyenda zokha. Choncho chimene chikupuma mwaphokoso, kuwombetsa mano ndi kumenya pansi chikukuuzani kuti musendere kutali. Choopsa zedi ndi chimene chili zii, mutu pansi, maso pa inu, chikukutsatirani pang'onopang'ono.

Tsopano tibwere ku mkangano wa anzanu awiri aja. Pali akafukufuku awiri amene aliyense wokamba nkhaniyi amatchula, ndipo mwayi wake onse ndi a ku Alaska komweko. Tom Smith, Herrero ndi anzawo anasindikiza woyamba mu 2008. Anasonkhanitsa zochitika 83 za pakati pa 1985 ndi 2006 zokhudza tsabola wopopera. Tsabola analetsa chofiirira kupitiriza zimene chinkachita pa 92 peresenti ya nthawi zimene anapoperedwa, chakuda pa 90 peresenti. Mwa anthu onse amene ananyamula tsabola, 98 peresenti anachoka osavulala, ndipo atatu amene anavulala sanafunike kugonekedwa m'chipatala. Wachiwiri unatuluka mu 2012, wokhudza mfuti: zochitika 269 kuyambira 1883 mpaka 2009. Mfuti zazifupi zinathandiza pa 84 peresenti, zazitali pa 76 peresenti. Koma pa zochitika zopitirira theka munthu anavulala ndithu, anthu 17 anafa, ndipo zimbalangondo 172 zinaphedwa. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti amene anawomba mfuti ndi amene anali nayo koma sanaiwombe, kavulalidwe kawo sikanasiyane kwenikweni.

Ndikuchenjezeni pano, chifukwa anthu okonda tsabola amathamangira kuika manambala awiriwa pambalipambali ngati zigoli za mpira. Kutero n'kulakwa. Nkhani zambiri za mfuti zinachokera m'manyuzipepala ndi m'zolembedwa zakale, ndipo nyuzipepala imalemba zinthu zikafika poipa. Munthu amene anawomba chilombo n'kubwerera kwawo bwinobwino kawirikawiri salembedwa. Mbali inayi, zochitika zingapo za tsabola zinali za zimbalangondo zongochita chidwi kapena zofunafuna chakudya pamsasa, osati zolusa. Anthu odziwa mfuti akamadandaula za manambalawa amakhala ndi mfundo. Komabe chinthu chimodzi chimaoneka poyera mukawerenga zifukwa zimene mfuti zinalepherera: nthawi inachepa, mfuti inakanirira, chotsekera chinali chisanachotsedwe, munthu anaphonya, wina anapunthwa n'kugwa pobwerera m'mbuyo. Zonsezi ndi zolephera za manja ndi za nthawi, ndipo zinagwera ngakhale anthu ozolowera mfuti. Nanga inu amene munawomba kawiri?

Ubwino wa tsabola ndi wakuti sufuna diso la mlenje. Chipolopolo chiyenera kulowa pamalo ochepa ngati chikhatho, pa chinthu chimene chikudumpha chikubwera. Tsabola amatuluka ngati mtambo wotambasuka, chilombo n'kudzilowetsa chokha mmenemo. Mankhwala ake ndi capsaicin, chomwe chija chimawawitsa tsabola, ndipo m'zitini zovomerezeka amakhala pakati pa 1 ndi 2 peresenti. Akalowa m'maso, m'mphuno ndi m'mapapo, maso amatsekeka, mphuno imatupa, kupuma kumavuta. Chimbalangondo chimadalira mphuno kuposa china chilichonse, ndiye mukaitseka mwachilanda nzeru. Pakapita kanthawi chimachira, chili ndi phunziro lakuti munthu ndi wowawa. Anayamba kumuyesa pa zimbalangondo zenizeni ku yunivesite ya Montana m'zaka za m'ma 1980, pa ntchito ya Carrie Hunt ndi Charles Jonkel, ndiye si chinthu chongotulukira dzulo.

Pogula onetsetsani kuti pachitini palembedwa bear spray kapena bear deterrent, komanso pali nambala ya EPA, bungwe la boma la America loona za chilengedwe. Tizitini tating'ono todzitetezera kwa achifwamba sitikwanira, timatulutsa kamzere kochepa ndipo sitifika patali. Chitini choyenera chisachepere magalamu 225. Chimaponya mamita 8 mpaka 10, ndipo chimatha m'masekondi 6 mpaka 9, malinga ndi kukula kwake. Onani deti imene chidzathere mphamvu, chifukwa pakapita zaka zitatu kapena zinayi mpweya wokankha umayamba kuchepa ngakhale tsabolayo akadali wowawa. Musagule musananyamuke: m'ndege zonyamula anthu saloleza, kaya m'chikwama cha m'manja kaya m'katundu wapansi. Mukagule mukafika mumzinda wa Anchorage ku Alaskako kapena kumene mukatsikire. Ndege zing'onozing'ono zokutulani kutchire zili ndi kanyamulidwe kake, muzimuuziratu woyendetsa kuti muli ndi tsabola, iye adziwa pomuika. Ndipo musamusiye padzuwa m'galimoto yotseka, chifukwa kutentha kukayandikira madigiri 50 chitini chimaphulika.

Kapoperedwe kake n'kosavuta koma kamafuna kuyeserera. Chala chachikulu chimakankhira m'mbuyo kapulasitiki kotsekera. Gwirani chitini ndi manja awiri, chifukwa chikamatulutsa chimakonda kudzuka n'kuloza kumwamba. Lozetsani pansi pang'ono, patsogolo pa chilombocho, poti chimabwera mutu uli pansi ndipo mtambowo umakwera wokha. Chikafika mamita 10 mpaka 15 poperani kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kuti chikumane ndi khoma la tsabola. Chikaboola khomalo, lozani kumaso n'kupopera osalekeza. Chikabwerera, inunso chokanipo, koma moyenda osati mothamanga, chitini chili m'manja.

Sindikubisirani zofooka zake. Mphepo yoomba kumaso kwanu imakubwezerani tsabola, ndipo mudzatsokomola ndi kukhetsa misozi. M'kafukufuku wa 2008 uja mphepo inasokoneza pa zochitika zochepa, ndipo ngakhale pamenepo tsabola anafikabe pa chilombo. Kuzizira kwambiri kumafupikitsa mtunda umene amaponya, koma miyezi imene inu mukupitayi zimenezo sizikukhudzani kwenikweni. Mkati mwa tenti yotseka, wopoperayo amavutika mofanana ndi chilombo. Chinanso, zimbalangondo zina, makamaka zakuda zozolowera chakudya cha anthu, zimabwereranso pakapita mphindi zingapo, n'chifukwa chake ndati zitini ziwiri. Ndipo chonde musapopere tenti, zovala kapena katundu poganiza kuti mukuthamangitsa zilombo ngati mmene amachitira mankhwala a udzudzu. Tsabola akakhala pansi n'kuzirala, fungo lake limakopa zimbalangondo, zimabwera kudzanunkhiza ndi kugubuduzikapo.

Nanga mfuti? Tiyambe ndi lamulo, chifukwa mnzanu uja mwina sanakuuzeni. Ngati mukulowa m'dziko la America ndi viza yokhala kanthawi, lamulo la dzikolo silikulolani kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo pokhapokha mutakhala m'gulu la opatulidwa, monga amene ali ndi laisensi ya ulenje yovomerezeka. Wogulitsa mfuti salolezedwanso kupereka mfuti yaifupi kwa munthu amene si wokhala m'chigawo chimenecho. Ndiye maganizo ongotsika ndege n'kulowa m'sitolo kukatenga .44 Magnum akhoza kukulowetsani m'mlandu musanaone n'komwe chimbalangondo. Mukawolokera ku Canada malamulo ndi okhwima kuposa pamenepo: m'mapaki a boma monga Banff ndi Jasper mlendo sayenda ndi mfuti, ndipo yaifupi m'tchire imafuna chilolezo chapadera chimene anthu wamba sachipeza wamba. M'mapaki a boma la America, kuyambira mu Febuluwale 2010, munthu akhoza kunyamula mfuti motsatira malamulo a chigawocho, koma kuiwomba ndi nkhani ina imene adzaifufuze.

Ku Alaska lamulo limalola kupha chimbalangondo poteteza moyo kapena katundu, koma walira mvula walira matope. Muyenera kukanena msanga kwa akuluakulu oona za nyama zakutchire, kulemba lipoti, ndi kupereka ku boma chikopa chili ndi zikhadabo zake pamodzi ndi chigaza. Kusenda chilombo cha makilogalamu 300 n'kusenza chikopa chake chachiwisi kudutsa m'zitsamba ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Komanso lamulolo silikutetezani ngati inuyo ndi amene munachiputa kapena munachikopa posiya zinyalala ndi chakudya poyera. Ndipo ngati chinali chachikazi cha ana aang'ono, anawo kawirikawiri sapulumuka. Ine zimenezi zimandikhudza, chifukwa zina mwa zophedwa chonchi zinali zongoopseza, zikanakhota zokha.

Apa pali ngozi imene anthu atsopano saiganizira. Chilombo chongoopseza mukachiwomba n'kuchivulaza osachipha, mwasandutsa kuopseza kukhala nkhondo yeniyeni. Ngakhale chipolopolo chitaboola mtima kapena mapapo, chimbalangondo chimatha kuthamangabe masekondi angapo, ndipo taona kale kuti awiri okha ndi okwanira. Chimene chimachigwetsa pomwepo ndi ubongo, msana kapena kuthyola mafupa a phewa, ndipo malo amenewa ndi ovuta kuwapeza pa chinthu chimene chikubwera molunjika. Ndiye pali mnzanu. Chilombo chikamugwetsa n'kumakulungana naye pansi, muwomba pati? Mu 2011, kumalire a Montana ndi Idaho, mlenje wina anafa ndi chipolopolo cha mnzake amene ankayesa kumulanditsa ku grizzly. Ndi tsabola mumangopopera onse awiri, chilombo ndi mnzanuyo. Adzalira ndi ululu kwa ola limodzi koma adzakhala moyo.

Izi sizikutanthauza kuti mfuti ilibe malo. Chimbalangondo chimene chatsimikiza zodya munthu, chimene chikubwerabe mutachipopera kawiri, kapena chimene chang'amba tenti usiku, mfuti m'manja mwa munthu woidziwa ndi imene imathetsa nkhani. N'chifukwa chake magulu ambiri ogwira ntchito m'mitsinje ya ku Alaska amakhala ndi mfuti ya gulu, ndipo amaphunzitsa ndi kuyesa antchito awo asanawapatse. Dipatimenti ya Alaska Department of Fish and Game imalangiza mfuti zazitali, rifle ya .300 Magnum kapena shotgun ya 12 gauge yokhala ndi zipolopolo za mtovu umodzi zotchedwa slug, ndipo imachenjeza kuti mfuti yaifupi, ngakhale .44 Magnum yomweyo, ikhoza kuperewera makamaka m'manja mwa munthu wosaphunzira.

Mukandifunsa ine, kwa munthu amene akuyamba kumene koma ali ndi womuphunzitsa, shotgun ya 12 gauge yokoka ndi dzanja, monga Remington 870 kapena Mossberg 500, ya mpope waufupi wa masentimita 46 mpaka 50, ndiyo yanzeru. Siivuta kuiphunzira, imapirira mvula ndi matope, ndipo slug yolimba imalowa mwakuya pamtunda waufupi. Zipolopolo za timipira tambirimbiri zisiyeni, sizifika pamene pakufunika. Cholakwa chofala pa mfuti imeneyi n'kukoka mosafikitsa chifukwa cha mantha, chipolopolo chachiwiri n'kukanirira, ndipo mankhwala ake ndi kuyeserera basi. Kwa wozolowera rifle, .30-06 ya zipolopolo zolemera ndiye poyambira, kenako .338 Winchester Magnum, .375 H&H, kapena .45-70 imene otsogolera alendo ambiri amaikonda chifukwa ndi yaifupi ndipo imabwereza msanga. Mu 1983 akatswiri awiri a U.S. Forest Service, Meehan ndi Thilenius, anayesa zipolopolo zosiyanasiyana pamtunda waufupi, ndipo .458 Winchester Magnum inatsogola. Koma mfuti yotero imamenya phewa mwamphamvu moti munthu wosaizolowera amayamba kutsinzina asanawombe. Mphamvu imene simungathe kuilozetsa ilibe phindu kwa inu. Galasi lokulitsa lija la alenje nalonso ndi chopinga pamamita 15, mumangoona ubweya wokhawokha osadziwa kuti ndi mbali iti.

Za .44 Magnum ya mnzanuyo, mphamvu ya chipolopolo chake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a .30-06. Ubwino wake ndi umodzi, koma ndi waukulu: imakhala pathupi nthawi zonse, pamene mfuti yaitali imatsamizidwa pamtengo munthu akafuna kugwira ukonde ndi manja awiri. Mwina n'chifukwa chake zazifupi zinaoneka bwinoko pang'ono m'kafukufuku uja. Ambiri masiku ano asamukira ku 10mm, monga Glock 20, imenenso asilikali a ku Denmark olondera ndi agalu kumpoto kwa Greenland amanyamula, chifukwa imatenga zipolopolo zambiri ndipo siikankha kwambiri. Aliyense wonyamula yaifupi aike zipolopolo zolimba zosaphwanyika, osati zokhala ndi dzenje kunsonga zimene zimatambasuka msanga n'kuima m'mafuta ndi m'minofu. Koma mfuti yaifupi ndiyo yovuta kwambiri kuwomba molondola pa mfuti zonse. Imafuna zipolopolo mazanamazana zoyeserera, kuisolola m'chimake, kuwomba chinthu choyenda, mobwerezabwereza mpaka manja azichita okha. Pakati pa lero ndi Juni simufika pamenepo, ndipo sindikufuna muyende ndi chitsulo chokupatsani kulimba mtima kumene manja anu sangakukwaniritse. Munthu akadalira mfuti amayamba kulowa m'zitsamba zimene akanazilambalala.

Kaya ndi tsabola kaya ndi mfuti, ponyamulira ndi pamene anthu ambiri amaluzira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chida chimene chili m'chikwama chakumsana, kapena m'kathumba ka m'mbali kamene muyenera kukhotetsa mkono kuti mukafike, si chanu. Mu Sepitembala 2018 ku Wyoming, wotsogolera alenje wina anaphedwa ndi grizzly akusenda elk, mtundu wa gwape wamkulu. Mfuti yake yaifupi inali ndi katundu chapatali pang'ono, ndipo mlendo amene anali naye ataitola analephera kuiwomba chifukwa sankaidziwa. Inu muzikavala zovala za labala zofika pachifuwa zolowera m'madzi, ndiye lamba wa m'chiuno adzakwiririka. Pezani chomangira cha pachifuwa, tsabola akhale panja pa jekete ya mvula, pamene dzanja lililonse lingafike. Popita kukadzithandiza, pokatunga madzi, potsuka mbale, akhale pomwepo. Usiku akhale pamalo amodzimodzi pafupi ndi mutu, pambali pa tochi.

Kunena zoona, chimene chidzakusungeni miyezi itatu imeneyi kwambiri ndi mmene muziyendera ndi mmene muzisungira msasa. Chimbalangondo chimene chakumvani muli kutali chimapatuka chokha, simuchiona n'komwe. Muziyankhula mokweza, kuimba, kuomba m'manja, makamaka pokhota, polowa m'zitsamba, pafupi ndi madzi aphokoso, ndiponso pamene mphepo ikuomba kumaso kwanu, chifukwa pamenepo fungo lanu silikupita kutsogolo. Timabelu tomangirira pachikwama musatidalire, kulira kwake sikupita patali. Zomvera nyimbo za m'makutu zisiyeni mutenti. Yendani atatu kapena kuposerapo, moyandikana, poti gulu logwirizana siliukiridwa kawirikawiri. Mukamva fungo la nyama yowola, kapena mukaona makwangwala ndi ziwombankhanga zitaunjikana, kapena mulu wa dothi ndi masamba wokwiriridwa chatsopano, bwererani njira imene mwadzera, mwini nyamayo ali pafupi. Galu wosamangidwa ndi woopsa: amakaputa chilombo n'kuthawira kwa mbuye wake chikumutsatira. Za mtunda wotalikirana ndi chimbalangondo, ku paki ya Yellowstone amalamula mamita 91, ku paki ya Denali pafupifupi 275. Pantchito yanu nthawi zina zizidutsa pafupi kuposa apo zili kalikiliki ndi nsomba, ndipo anzanu akale adzakuphunzitsani kuzipatsa njira modekha.

Msasa musamange m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kapena panjira yopondeka, imeneyo ndi misewu yawo. Pophikira ndi posungira chakudya pakhale mamita pafupifupi 100 kuchoka pamatenti, kumene mphepo ikulowera. Chilichonse chonunkhira, sopo, mankhwala otsukira mano, zinyalala, ndi zovala zimene mwagwirira nsomba, chikhale kumeneko, m'migolo yolimba imene chilombo sichingatsegule. Migolo yovomerezeka amaiyesa poipereka kwa ma grizzly enieni ku West Yellowstone kuti alimbane nayo kwa ola lathunthu. Pa zonse zimene gulu lingagule, mpanda wa magetsi wonyamulika, woyendera mabatire, ndi umene ndimauyamikira kwambiri pamsasa wokhalitsa. Ndi wopepuka, ndipo chimbalangondo chimayamba kufufuza chinthu ndi mphuno yonyowa. Chikalandira shoko kamodzi sichibwereza msanga. Anthu anaphunzira nkhani ya zinyalala mowawa: usiku wa pa 13 Ogasiti 1967 ku Glacier National Park atsikana awiri anaphedwa ndi ma grizzly awiri osiyana, pamalo awiri otalikirana, ndipo zilombozo zinali zitazolowera kudya zotaya anthu. Malamulo okhwima a chakudya amene mukawapeze anakula kuchokera pa zochitika ngati zimenezo. Ku Canada amakondanso tizipolopolo tongophulika toopsezera. N'tothandiza chilombo chikakhala patali, koma kakaphulikira kuseri kwake kamachithamangitsira kwa inu.

Mukakumana nacho, musathawe. Kuthawa kumadzutsa mtima wosaka, ndipo simungachipose liwiro, kukwera phiri kapena kutsika. Imani, sololani tsabola, sonkhanani pamodzi, yankhulani ndi mawu odekha kuti chidziwe kuti ndinu anthu. Chikaimirira ndi miyendo iwiri chikungofuna kuona ndi kununkhiza bwino. Bwererani pang'onopang'ono mukuchiyang'anira. Ngati zonse zalephereka ndipo chofiirira chodziteteza chakugwetsani, gonani chafufumimba, manja atapingasa kumbuyo kwa khosi, miyendo yotangadza kuti chisakutembenuzeni, chikwama chili kumsana. Khalani phee mpaka mutatsimikiza kuti chapita, chifukwa ambiri amavulala kachiwiri podzuka msanga. Koma ngati ndi chakuda, kapena chilichonse chimene chinakutsatirani mwakachetechete, kapena chakupezani mutenti usiku, kapena kuluma kukupitirira osaleka, musanamizire kufa. Menyani ndi chilichonse, mwala, mpeni, chopalasira bwato, kumaso ndi pamphuno.

Ntchito ikadzakutengerani kugombe la kumpoto kwenikweni, kumene kuli zimbalangondo zoyera, mudzafunsenso, chifukwa kumeneko zinthu zimasintha. Ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway, mwachitsanzo, aliyense wotuluka kunja kwa midzi amalamulidwa kukhala ndi choopsezera monga mfuti ya moto wowala, ndipo rifle imene amavomereza iyambire pa .308 kapena .30-06.

Musananyamuke, alembereni amene akukulembani ntchitowo muwafunse zinthu izi: kodi gulu limakhala ndi mfuti, amanyamula ndani, ndipo amaphunzitsa masiku angati? Kodi msasa uli ndi mpanda wa magetsi? Kodi pali foni ya setilaiti kapena kachipangizo koitanira thandizo, nanga ndege ingafike pakapita maola angati? Akakupatsani mwayi wophunzira shotgun ya gulu, ulandireni ndi manja awiri, muphunzire mwakhama, koma tsabola asachoke pachifuwa. Pogula zitini ziwiri zija mufunsenso chachitatu choyeserera, chimene chimatulutsa mpweya wopanda tsabola. Valani zonse zimene muzikavala kumtsinje, magolovesi omwe, nyamulani chidebe m'manja, mnzanu akugubuduzireni mpira kapena tayala kuchokera mamita 20 mosakuchenjezani. Tayani chidebe, sololani, kankhani chotsekera, poperani pansi patsogolo pake. Tsiku loyamba tayala lidzakupezani chala chikufufuzabe kapulasitiki kaja. Bwerezani m'mawa uliwonse sabata yoyamba, ndipo kusolola kokhako mupitirize mpaka tsiku lonyamuka kubwerera.